Nkhope zada bii, nyanja yayera mbuu: kukonza kuwala pojambula akwati ku Mangochi

Dandaulo lake ndi limodzimodzi pafupifupi Loweruka lililonse la maukwati. Akwati atuluka m'tchalitchi, galimoto zawatula pagombe dzuwa lili paliwombo, ndipo achibale akufuna zithunzi zoti nyanja ioneke kumbuyo. Wojambula atola zithunzi mazanamazana, pakagalasi ka kamera zonse zikuoneka ngati zili bwino. Kukazitsegula pa kompyuta, nkhope za akwati zada bii, m'maso mwalowa mthunzi, nyanja ndi thambo zayera mbuu osasiyanitsika, ndipo timaluwa tosokedwa pa diresi tasowa. Akati awalitse nkhopezo, khungu likutuwa ngati lapakidwa phulusa. Eni ukwati funso lawo ndi limodzi: "Achimwene, mwatidetsa chonchi bwanji?"

Zikatere ambiri amayamba kusunga ndalama ya kamera ina. Yatsopanoyo idzachitanso zomwezo, chifukwa gwero la vutoli ndi kutalikirana kwa malo owala ndi malo amdima m'chithunzi chimodzi. Ojambula amayeza kuwala ndi muyeso wotchedwa stop. Kuwonjezera stop imodzi ndiko kuchulukitsa kuwala kawiri, ma stop 2 kanayi, ma stop 3 kasanu n'katatu. Nkhope ya munthu amene wafulatira dzuwa imalandira kuwala kochepa ndi ma stop 2 kapena 3 poyerekeza ndi pamene dzuwa likuomba. Pamwamba pa apo, nsalu yoyera imabweza kuwala kochuluka kuposa khungu lakuda ndi ma stop enanso 2 kapena 3. Ndiye pakati pa phewa la diresi limene lili padzuwa ndi tsaya la mkwatibwi limene lili mumthunzi pali ma stop 4 mpaka 6, tisanawerengere kunyezimira kwa madzi. Kwa amene amangira ukwati kumzikiti, mkanjo woyera ndi chisoti choyera zimabweretsa vuto lomweli. Diso la munthu limasintha lokha likamayang'ana uku ndi uko, pomwe kamera imasankha kamodzi pa chithunzi chonse. Choncho ntchito yagona pochepetsa mpata umenewu musanadine batani.

Werengani chithunzi cholakwikacho

Chithunzi chimanena chokha chimene chinalakwika. Nkhope yonse ikada mofanana kumbuyo kukuwala, ndiye kuti munthu anafulatira kuwala ndipo kamera inayeza nyanja m'malo mwa iye. Mphumi, mphuno ndi nsonga za masaya zikawala koma maso ndi kukhosi kwada, dzuwa linali pamutu. Zigambazigamba zowala pankhope ndi pa suti zimachokera ku mtengo wa masamba apatalipatali. Chithunzi chonse chikachita ngati chafuka utsi, dzuwa linalowa m'lenzi, kapena lenziyo inali ndi mafuta a chala. Nkhope ikawala koma n'kumanyezimira pamphumi ngati yathiridwa mafuta ophikira, imeneyo ndi fulashi ya pamwamba pa kamera itakumana ndi thukuta. Chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala ake, ndipo a chimodzi angathe kukulitsa chinzake: kungowonjezera kuwala pa chithunzi cha dzuwa la pamutu kumapsereza mphumi, maso n'kukhalabe mumdima.

Gombe lanu layang'ana kuti?

Funso ili limathetsa theka la mavuto popanda kugula kanthu. Magombe ambiri a pakati pa tauni ya Mangochi ndi Monkey Bay, monga ku Nkopola ndi ku Makokola, ayang'ana chakum'mawa. Kumeneko m'mawa dzuwa limatulukira pamadzi, kotero akwati akaima nyanja ili kumbuyo kwawo amakhala atalifulatira, inu likukulowani m'lenzi. Kuyambira cha m'ma 3 koloko masana zinthu zimatembenuka: dzuwa lili kumsana kwanu, likuwalitsa nkhope, ndipo madzi amaoneka obiriwira bwino. Ku Chembe, ku Cape Maclear, komanso ku Malindi kutsidya la kum'mawa, dzuwa limakalowera mbali ya kumadzi. Nthawi yabwino ya nkhope kumeneko ndi m'mawa, ndipo madzulo mudzafunika kuwonjezera kuwala kwanu.

Pali msampha umodzi pa magombe oyang'ana kum'mawa. Dzuwa likapendeka kwambiri, mitengo ndi nyumba za kumtunda zimaponya mthunzi pamchenga pamene nyanja ikadali padzuwa. Akwati aima mumthunziwo, kumbuyo kukuwala, vuto lija labwereranso. Asunthireni kufupi ndi madzi kumene dzuwa likadafika, kapena dikirani kuti mthunzi ugwirenso madzi apafupi.

Mangochi ili pa madigiri pafupifupi 14 ndi theka kummwera kwa equator, ndiye dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi cha pa 10 Febuluwale. Masabata ozungulira masiku amenewa mithunzi ya m'maso imanyanya. Komanso kuno dzuwa limafika pachimake 12 koloko isanakwane, mu Novembala cha m'ma 11:25, kotero nthawi yoipitsitsa ndi kuyambira 10 koloko mpaka hafu pasiti wani, yomwe ndi nthawi imene akwati ambiri amafikira pagombe. Mu Juni ndi Julayi zimapepukako, chifukwa ngakhale masana dzuwa limapendekera kumpoto. Mungathe kuwaimika akwati atalozetsa msana kumpoto, nkhope zonse zili mumthunzi wofanana, dzuwa likungowalitsa m'mphepete mwa velo ndi mapewa.

Kutchera kamera

Choyezera kuwala cha m'kamera chimayesa kuti chilichonse chimene chaona n'chotuwa pakatikati, chobweza pafupifupi 18 peresenti ya kuwala. Chikaona madzi, mchenga ndi diresi, chimachepetsa kuwala kuti zoyerazo zituwe, ndipo nkhope zimamira. Mukachilozetsa pa suti yakuda ya mkwati chimachita zotsutsana, diresi n'kupsa. N'chifukwa chake pa Auto zithunzi ziwiri zotoledwa pamalo amodzi zimatuluka zosiyana.

Ikani kamera pa M, pamene mumatchera zonse nokha pamanja. Padzuwa lamphamvu yambirani pa ISO 100 (mphamvu imene kamera imamvera kuwala), shutter 1/200 (gawo la sekondi limene kuwala kumalowa) ndi f/11 (kutseguka kwa lenzi; nambala ikamakula, bowo limachepa). Tsegulani chenjezo limene limaphethiritsa malo opsa mukamaona chithunzi, kapena mizere ya zebra ngati kamera yanu ili nayo, itcheredwe pa 95 kapena 100. Tolani chithunzi choyesera, kenako tsekani lenzi pang'onopang'ono mpaka diresi litasiya kuphethira. Kunyezimira kwa pamafunde kusiyeni kuphethire, palibe amene amafunamo kanthu. Tsopano yang'anani nkhope. Mdima umene watsalapo ndiwo muyenera kuudzaza ndi mthunzi, chobwezera kuwala kapena fulashi, osakhudzanso makina.

Ngati mukuyeza pankhope ndi spot metering, imene imayeza kamalo kamodzi kokha, kumbukirani kuti kamera iyesa kukweza khungu lakuda kuti lifike pa kutuwa kuja. Lolani kuti kamuvi ka choyezera kuwala kaime pansi pa ziro, pakati pa -0.5 ndi -1 malinga ndi khungu la munthuyo. Njira ina yachangu ndi chikhatho chanu. Chiikeni m'kuwala komwe kuli nkhope ya mkwati, chidzaze lenzi, ndipo tcherani kuti kamuvi kaime pa +1. Zikhatho za anthu sizisiyana kwambiri, ndiye muyesowu umagwira pa aliyense.

Kagalasi ka kumbuyo musakakhulupirire pagombe. Padzuwa kamaoneka kamdima, inu n'kuwonjezera kuwala mpaka kupsereza zonse. Khulupirirani histogram, kagalafu koonetsa kuwala kwa m'chithunzi: timapiri take tikaunjikana kukhoma la kumanja, chinachake chapsa. Ndipo jambulani RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, kapena RAW ndi JPEG pamodzi ngati eni ake akufuna zoyamba pa WhatsApp tsiku lomwelo.

Mawu amodzi okhudza khungu, poti apa ndi pamene ambiri amasochera. Cholinga si kuyeretsa munthu. Khungu lakuda limaoneka bwino chifukwa cha kunyezimira kofewa kumene kumatsata mphumi, masaya ndi chibwano, ndipo kunyezimirako n'chithunzithunzi cha chinthu chimene chikuwalitsa. Chowalitsa chikakhala chaching'ono, ngati fulashi yosaphimba, pakhungu pamatuluka kadontho koyera kothobwa m'maso, kwina konse kuli bii. Chikakhala chachikulu ndi chapafupi, ngati nsalu yoyera yotambasula kapena khoma lopaka laimu, kuwalako kumayala tsaya lonse ndipo munthu amaoneka ndi mtundu wake weniweni. Kukula kwa chowalitsa n'kofunika kuposa mphamvu yake.

Mthunzi wabwino ndi woipa

Mtengo wa mango uli ndi mthunzi wothithikana, ndipo ndi wabwino mukaugwiritsa bwino. Musawalowetse akwati mkati kufupi ndi thunthu, kumene kuli mdima ndipo masamba amapaka khungu kubiriwira. Aimikeni m'mphepete mwenimweni mwa mthunzi, phazi limodzi kuchokera pamene dzuwa lathera, atayang'ana kunja. Mchenga wowala wa kutsogolo kwawo ndi thambo zikhala nyali yanu yaikulu. Migwalangwa imalemba mizere pankhope, ndipo mlambe m'chilimwe ulibe masamba, mthunzi wake ndi wa nthambi zokha, pokhapokha muwaimike kuseri kwa thunthu lake.

Munthu akakhala mumthunzi, kumbuyo kwake kukhalenso kwakuderako: bango, miyala, mabwato ogona pamtunda, phiri. Ngati nyanja ikufunika ndithu, kwerani pa mpando kapena pa bwato lovundikira n'kujambula chotsitsa, kuti kumbuyo kudzaze madzi, thambo lichepe. Madzi amakhala akuderapo kuposa thambo la m'munsi, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala pamene utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimaliyeretsa.

Popanda mtengo, pangani mthunzi wanu. Aperekezi awiri aatali agwire bedishiti yoyera pamwamba pa akwati, theka la mita kuchokera pamitu, mbali imene kuli dzuwa. Imachotsa stop imodzi kapena iwiri malinga ndi kukhuthala kwake, ndipo mithunzi ya m'maso imasungunuka. Chitenje chamaluwa sichingalowe m'malo mwake, chimathira mtundu wake pankhope. Tenti yabuluu kapena yobiriwira imachitanso chimodzimodzi, ndiye amene akhala m'tenti yotere atulutseni afike pakhomo pake.

Chobwezera kuwala

Reflector yopinda ya masentimita 110, ija imabwera ndi mbali zisanu, imakwanira munthu mmodzi mpaka atatu. Mbali yoyera imagwira ntchito ikakhala pafupi, mita imodzi kapena kucheperapo. Yasiliva imafika mamita 2 mpaka 4. Yagolide isiyeni m'chikwama pa ukwati, chifukwa imasandutsa diresi loyera kukhala lachikasu.

Zolakwika zake n'zodziwika. Choyamba, wogwira amaima mumthunzi limodzi ndi akwati, pamene chinthuchi chimabweza kokha kuwala kumene chalandira. Iye aime padzuwa, moyang'anana nalo. Chachiwiri, amachigwirira m'mawondo, kuwala n'kumachokera pansi, mphuno ikuponya mthunzi chokweza ngati munthu wounikidwa ndi tochi pachibwano. Pagombe mchenga ukuwalitsa kale kuchokera pansi, ndiye chikwezeni chifike pamutu kapena kupitirira pang'ono, chakumbali kwa kamera madigiri 30 mpaka 45. Wogwira akasowa kumene kuwala kwapita, ayambe waunika pamchenga patsogolo pa mapazi a akwati, akuone, kenako akukweze pang'onopang'ono mpaka pankhope.

Siliva padzuwa la kuno amaliza munthu misozi, ndipo zodzola za mkwatibwi zimayenderera. Musamulozetse pakati pa kuwalako. Kupatutseni pang'ono kuti m'mphepete mwake mokha mukhudze nkhope. Auzeni akwati atsinzine, muwerenge mpaka katatu, atsegule maso inu n'kudina.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umavutitsa. Chopindacho chimagwedezeka, kuwala n'kumavina pankhope. Pa chithunzi mungapirire, koma pa vidiyo zimaonekeratu. Nthawi imeneyi cholimba chimaposa chogula: katoni ya firiji yodula mita imodzi m'litali ndi masentimita 70 m'lifupi, mbali imodzi yomata pepala loyera, inayo pepala la aluminiyamu lokutira chakudya. La aluminiyamulo muyambe mwalifinya m'manja n'kuliwongolanso musanamate, apo ayi lichita ngati kalilole. Chotchingira dzuwa cha pagalasi la galimoto chimathandizanso pakavuta.

Fulashi masana

Ambiri amayatsa fulashi pagombe, osaona kusintha, n'kuganiza kuti yafa. Masamu ake ndi awa. Makamera ambiri salola fulashi kupitirira shutter ya 1/200 kapena 1/250, ndipo mukakakamiza pamatuluka chimzere chakuda mbali imodzi ya chithunzi. Pa 1/200 ndi ISO 100 padzuwa muli pa f/11. Mtunda umene fulashi ingafike mumaupeza pogawa guide number yake, nambala yoonetsa mphamvu yake, ndi nambala ya f. Pabokosi amalemba 60, koma imeneyo ndi ya pamene mutu wa fulashi wafinyidwa pa 200mm. Pa 35mm fulashi yomweyo ili pafupifupi pa 36. Gawani 36 ndi 11, mupeza mamita atatu ndi pang'ono, pa mphamvu yonse. Mukaima mamita 6 kuti gulu lonse lilowe, kuwala kofika pankhope kwatsala gawo limodzi mwa anayi, chifukwa mtunda ukawirikiza kawiri kuwala kumachepa kanayi.

Ndiye yandikirani, kapena ichotseni fulashi pakamera muiike pa sitandi kapena m'manja mwa wothandiza, mamita 2 kuchokera kwa akwati, chakumbali ndi pamwamba pang'ono pa maso awo, inu mujambule muli patali ndi lenzi yokoka. Pa mamita 2 yambirani pa theka la mphamvu, muone, mutsitse kufika pa 1/4 ngati nkhope zawala kuposa malo ozungulira. Kachipewa koyera ka pulasitiki ka pamutu pa fulashi kavuleni panja, ndipo musalozetse mutu wa fulashi kumwamba, kulibe denga loti libweze kuwala. Ambulera yoyera kapena softbox, bokosi lansalu lovekera fulashi, imafewetsa bwino, koma imadya stop imodzi kapena iwiri, kotero iyenera kufika pa mita imodzi ndi theka, ndipo pamwera pakhale munthu woigwira.

TTL, njira imene fulashi imadzisankhira yokha mphamvu, imanamizidwa ngati choyezera cha kamera chija. Ikaona diresi imachepetsa mphamvu, ikaona suti imawonjeza. Akwati akaima malo amodzi, tcherani mphamvu pamanja.

Amene akufuna kumbuyo kosungunuka pa f/2.8 amathamangira HSS, katcheredwe ka fulashi kamene kamalola shutter ya 1/3200. Imagwira, koma fulashi imataya mphamvu yambiri ndipo imatentha msanga. Njira yosawononga ndi kuvala galasi lodera la ND8 pa lenzi, limene limachotsa ma stop 3. Mukhalabe pa 1/200, lenzi itseguka kuchoka pa f/11 kufika pa f/4, ndipo fulashi ifika mtunda womwe uja.

Fulashi ikamachedwa kudzaza, yambani mwaona mabatire. Otchipa a pagolosale, opangira wailesi ndi tochi, sangakwanitse. Pamafunika otchaja a NiMH a pafupifupi 2000 mAh, magulu awiri kapena atatu. Mukaomba kokwana 20 kapena 30 motsatizana pa mphamvu yonse, mafulashi ambiri amadzitseka okha kuti azizire, ndipo m'kutentha kwa Okutobala zimachitika msanga. Sinawonongeke. Ichotseni mabatire, muiike pamthunzi mphindi 10.

Za thukuta, khalani ndi tishu m'thumba. Mperekezi wamkazi azidinda pamphumi ndi pamphuno, osapukuta chokhula. Galasi la polariser limachepetsa kunyezimira kwa pakhungu ndi pamadzi, koma limadya pafupifupi ma stop 2, ndipo mukalizunguza mpaka kumapeto khungu lakuda limafa, limaoneka ngati dothi louma. Lekezani pakati.

Gulu la anthu 30, ankhoswe ndi achibale a mbali zonse, fulashi imodzi silingalikwanitse padzuwa. Onse afulatire dzuwa, kumbuyo kwawo kukhale mitengo, tcherani kamera molingana ndi nkhope, ndipo wina akutchingireni lenzi ndi katoni kuti dzuwa lisalowemo.

Vidiyo ndi foni

Vidiyo ya mafulemu 25 pa sekondi imafuna shutter ya 1/50. Padzuwa zimenezi zikukufikitsani pa f/22, pamene chithunzi chimafooka ndipo fumbi lililonse la pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kamera, limaonekera m'thambo. Kukweza shutter mpaka 1/2000 kumathetsa kupsa, koma ovina ndi mafunde amayenda modukizadukiza. Chofunika ndi ND: kuchoka pa f/22 kufika pa f/4 ndi ma stop 5, ndipo ND64 imakufikitsani pa f/2.8. ND yozunguza posintha mphamvu musaifikitse kumapeto, imalemba chimtanda chakuda pakati pa chithunzi, makamaka pa lenzi yotambalala.

Kanyali ka LED ka pamwamba pa kamera musakadalire masana. Pa muyeso wa kuwala wotchedwa lux, dzuwa limafika pa 100,000, pomwe tinyali tambiri totere sitifika ngakhale 1,000 pa mita imodzi. Pa vidiyo ya pagombe zida zanu ndi mthunzi, bedishiti ndi katoni ija. Kuwala kukhale kotchera pamanja, apo ayi nkhope zizida nthawi iliyonse nyanja ikalowa m'chithunzi. Kamera ikamazima yokha ndi kutentha, ifundikeni kansalu koyera ndipo mutsegule kagalasi kake katalikirane ndi thupi.

Pa foni, pukutani lenzi kaye, poti imakhalira m'thumba ndi m'manja mwa thukuta. Dinani pankhope osachotsa chala mpaka itatseka muyeso, kenako kwezani kapena tsitsani kachizindikiro ka dzuwa kali pambali.

Mukalowa m'holo

Pa perekaniperekani vuto lija limangosintha malaya. Tebulo la akwati amakonda kuliika kutsogolo kwa mawindo kapena makatani oyera okhala ndi timagetsi, ndipo mababu ali kudenga, pamutu. Fikani okongoletsa asanamalize, muwapemphe atseke makatani ochindikala kumbuyo kwa tebulolo. Zikakanika, jambulani chakumbali kuti windo likhale nyali yowalitsa nkhope m'malo mokhala kumbuyo.

Poyambira pabwino ndi ISO 1600, f/4 ndi 1/100. Ngati siling'i ndi yoyera ndipo sipitirira mamita 4, lozetsani fulashi kumwamba chakumbuyo kwa phewa lanu, kuwala kubwerere kofewa. Maholo ambiri ali ndi malata okhaokha ndi mitanda yamatabwa, zimene zimameza kuwala n'kubweza kotsalako kuli kofiirira. Mmenemo gwiritsani khoma loyera la pambali, kapena wothandiza anyamule katoni yoyera kuti muombepo.

Mitundu imasokonekera chifukwa nyali sizifanana. Pa muyeso wa mtundu wa kuwala (K), fulashi ndi kuwala kwa pawindo zili cha pa 5500K, mababu achikasu pa 2700K mpaka 3000K, ndipo a LED oyera kwambiri pa 6500K. Kamera ingakonze mtundu umodzi wokha. M'holo ya mababu achikasu, matani kapepala kaolenji koonekera kotchedwa CTO pamutu pa fulashi, n'kutchera kamera pa 3200K, zonse zigwirizana. Magetsi ovina a DJ, ofiira ndi obiriwira, apempheni a MC kuti azimitsidwe podula keke ndi popereka mphatso za makolo.

Vidiyo ikamaphethira, kapena mizere ikamayenda chotsika, chifukwa chake ndi magetsi. A ESCOM ndi a 50Hz, ndiye mababu ambiri amawala n'kuzilala ka 100 pa sekondi. Kamera kapena foni imene inatcheredwa za ku America imajambula mafulemu 30 kapena 60, pa shutter ya 1/60, zimene sizigwirizana ndi kugunda kumeneku. Sinthani kuchoka pa NTSC kupita pa PAL, mujambule mafulemu 25 kapena 50, shutter ikhale 1/50 kapena 1/100 basi. Pa iPhone, pansi pa Camera ndi Record Video pali poyatsira Show PAL Formats. Pa zithunzi, mizere yotereyi imabwera mukamagwiritsa shutter yamagetsi, imene silira. Bwererani ku yamakina.

Magetsi akazima n'kuliza jenereta, yesaninso zonse. Jenereta yaing'ono sisunga 50Hz, imatsika zokuzira mawu zikakoka mphamvu, ndipo kuphethira kungabwere ngakhale pa 1/50. Jambulani masekondi 10, muone, musinthe shutter pang'ono uku ndi uku. Chodalirika ndi nyali zanu za batire zoikidwa pafupi ndi akwati kuti ziphimbe za m'holo. Zina zotchipa zimaphethira mukazichepetsa mphamvu, ndiye ziyatseni zonse n'kuzisunthira kutali kapena kuziphimba ndi nsalu yoyera.

Mphindi 20 za madzulo

Chanzeru n'kukambirana ndi komiti ya ukwati sabata isanafike, kuti masana mungotola zofunikira zokha pamthunzi, ndipo akupatseni akwati mphindi 20 madyerero akatha. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:20, mu Januwale cha m'ma 6:15, ndipo kuno mdima suzengereza, pakatha mphindi 25 kwada. Khalani pagombe kutatsala mphindi 45. Kuwala kumatsika mofulumira, ndiye muziona histogram pakapita mphindi ziwiri zilizonse. Ku Chembe kapena ku Malindi, tcherani kamera molingana ndi thambo lofiiralo, kenako dzazani nkhope ndi fulashi yomata CTO pa 1/8 kapena 1/16. Popanda kapepalako akwati amaoneka abuluu ngati odulidwa kwina n'kumatidwa pa chithunzicho. Nyali ya LED ikayaka m'mbali mwa madzi imaitana tizilombo, choncho iyatseni pokhapokha mukujambula, ndipo ikhale patali ndi velo.

Zimene zinalakwika kale

Pa RAW ya ISO 100 mungakweze nkhope ndi ma stop 2 osawononga kwambiri. Kwezani nkhope yokha ndi burashi ya mu pulogalamu yokonzera zithunzi, osati chithunzi chonse, ndipo mubwezeremo kufiirira pang'ono, chifukwa khungu lokwezedwa kuchokera mumthunzi limatuluka lotuwa mobiriwira. Pa JPEG, kupitirira stop imodzi timadontho timayamba kuonekera m'masaya. Diresi limene linapsa mpaka kuyera mbee silibwereranso, mukalitsitsa limangosanduka chigamba chotuwa chopanda ulusi. Chithunzi choterocho chiduleni chiyandikire nkhope ndi mapewa, kapena muchisandutse chakuda ndi choyera.